Ndikamukhululukira, ndiye kuti ngongole yatha?

Mayi wa ku Chinsapo:
Abale ndi alongo mwa Ambuye, mwaswera bwanji nonse? Nthawi zonse ndimangowerenga za anzanga pagulu pano, koma lero mtima wandilemera, ndithandizeni maganizo. Munthu sindimutchula, tchalitchinso sinditchula.

Chaka chatha mnzanga wa m'Chigwirizano anabwera kwathu kudzandipempha kuti ndimutengere ndalama ku banki m'khonde kwathu, poti iye sali m'gulu lathulo. Anati wapeza belo la kaunjika ndipo akagulitsa abweza pakutha pa mwezi, ndi chiwongoladzanja chomwe. Ndinatenga K400,000 m'dzina langa n'kumupatsa m'manja. Panalibe pepala, panalibe mboni. Ameneyu ndi munthu woti mwana wanga atagonekedwa m'chipatala, anabwera kudzagona nane pansi podikirira. Mwezi unatha, ina n'kutsatira. Pogawana mu Disembala gulu linatenga masheya anga onse koma sanakwane, mpaka ndinagulitsa filiji imene ndinkapangira mafilizesi. Kufikira lero sanabwezeko ngakhale pang'ono. Foni yanga sayankha. Kutchalitchi akandiona amatulukira khomo lina, koma makolasi ndiye amayambitsa ndi iyeyo.

Lamulungu likubwerali kuli Mgonero. Amayi anzanga akuti ndingokhululuka, ndiiwale, Mulungu adzandibwezera. Ine kukhululuka ndikufuna ndithu, chifukwa pa Pemphero la Ambuye ndikafika paja timati mutikhululukire monga ifenso tikhululukira, ndimangotseka pakamwa, ndipo zimenezi zikundiopsa. Koma kodi ndikamukhululukira ndiye kuti ndalama zija ndisazitchulenso? Nanga ku Mgonero ndipite kapena ndikhale?

Mlongo wa ku Area 25:
Pepani kwambiri amayi. Ine langa ndi lalifupi: zisiyeni. Pa Luka 6:35 Ambuye akutiuza kuti tizikongoletsa osayembekezera kulandira kanthu. Filiji Mulungu adzakupatsani ina. Mtendere wa mumtima sugulidwa ndi K400,000.

Wakabaza wa ku Mchesi:
Achemwali a ku 25, mawu amenewo savuta kunena ndalamazo zikakhala za wina. Amayiwa ana awo ankadya kuchokera mufiliji imeneyo. Ine chimene chimandipweteka m'matchalitchi mwathu n'chakuti munthu akalakwiridwa, ulaliki wonse umapita kwa iye: khululuka, iwala, usasunge mangawa. Wolakwayo palibe womufunsa. Salimo 37:21 ikunena poyera kuti woipa amakongola koma sabweza. Vesi imeneyi ndiyosowa paguwa. Akuluakulu amati pepani sapoletsa chilonda, ndiye pano ngakhale pepaniyo palibe.

Mtsikana wa Kwaya, Area 49:
Amama, musalimbane naye. Lowani m'kusala kudya, mukwere phiri la Bunda, muitane moto pa bizinesi yakeyo. Asaone tulo mpaka abweze. Mulungu wathu sagona.

Mayi Busa wa ku Biwi:
Mwana wanga wa kwaya, ndikudziwa kuti walankhula chifukwa zakukhudza, ndipo n'zabwino kuti zakukhudza. Koma werenga Luka 9:51-56. Mudzi wina wa Asamariya utakana kulandira Yesu, Yakobo ndi Yohane anafuna kuitana moto kuchokera kumwamba, ndipo Ambuye anatembenuka n'kuwadzudzula. Kuphiri tipite, kusala tisale, koma pemphero si mankhwala otumizira mnzathu tsoka. Bizinesi ya mayiyo ikapsa, ana ake adzagona ndi njala ndipo ndalamazo sizidzabwera n'komwe.

Amayi a ku Chinsapo, usiku uno tsegulani Salimo 55, makamaka vesi 12 mpaka 14. Davide akudandaula kuti akanakhala mdani amene wamuchita chipongwe akanapirira, koma ndi mnzake weniweni, amene ankapita naye limodzi ku nyumba ya Mulungu. Ndi nkhani yanu yomweyi. Mulungu analola kuti madandaulo otere alembedwe m'Buku lake, ndiye simuyenera kudzibisa pamaso pake ngati kuti sizikuwawa. Muuzeni zonse, za filiji, za manyazi amene munaona pamaso pa gulu tsiku logawana, za foni yosayankhidwa. Mukatha kukhuthula, m'tchuleni dzina mayiyo, mum'pempherere chinthu chimodzi chabwino. Poyamba mawu adzatuluka movuta. Pempheranibe choncho.

Mkulu wa Mpingo, Kawale:
Zikomo mayi busa. Ndiloleni nditalikitseko, chifukwa nkhani zotere zimafika kwa ife akulu ampingo kawirikawiri ndipo nthawi zambiri timazisamala molakwika pofuna kuti mumpingo muoneke bata.

Mateyu 18 tiziwerenga yonse. Anthu amathamangira pa vesi 21 ndi 22, paja Petro akufunsa ngati akhululuke kasanu ndi kawiri, Ambuye n'kumupatsa chiwerengero choti munthu asamawerengenso. Koma mutu womwewo, vesi 15 mpaka 17, Ambuye ayamba ndi kunena kuti mbale wako akakuchimwira upite ukamuuze kulakwa kwake muli awiri. Akakana utenge mmodzi kapena awiri. Akakanabe uuze mpingo. Amene analamula kukhululuka kopanda malire ndi yemweyo analamula kuti wolakwa auzidwe. Choncho amayi amene akukuuzani kuti mungokhala chete akukupatsani theka la mutuwo.

Ndiye pali fanizo la kapolo uja, vesi 23 mpaka 35. Anali ndi ngongole ya matalente 10,000 kwa mfumu. Talente imodzi inali madinari pafupifupi 6,000, ndipo dinari imodzi inali malipiro a tsiku lathunthu la waganyu, monga tikuonera pa Mateyu 20:2. Ndiye kuti ngakhale akanakhala ndi moyo zaka masauzande, sakanaimaliza. Mnzakeyo anali naye ngongole ya madinari 100, malipiro a miyezi itatu ndi masiku owerengeka. Si ndalama yochepa kwa munthu wosauka, Ambuye sanaipeputse. Tsono taonani chimene kapoloyo anachita. Anam'gwira mnzake pakhosi n'kum'kanyanga. Mnzakeyo anagwada n'kupempha kuti amulezere mtima adzabweza, mawu omwewo amene iye anali atangonena kwa mfumu. Iye anakana n'kukam'tsekera m'ndende. Chimene chikusowa mwa munthu ameneyu ndi chifundo.

Kwa ine kukhululuka kwanu, amayi, kuyambire apa: muchotse dzanja pakhosi pake. Musam'funire tsoka, musayende nyumba ndi nyumba kum'yalutsa, musam'bwezere. Zimenezi ndi lamulo kwa Mkhristu aliyense, abweze kapena asabweze. Koma kupita kukamuuza kuti mnzanga, unandilakwira ndipo ngongole ija ikadalipo, si tchimo.

Mlongo wa ku Area 25:
Abambo a ku Kawale, ndakumvani, koma mfumu ija sinangolezera mtima kapoloyo. Inafafaniza ngongole yonse. Ndipo pomaliza Ambuye akuti Atate adzatichitira chimodzimodzi ngati sitikhululuka ndi mtima wonse. Ine ndikuopa kuti tikayamba kugawa kuti ichi ndakhululuka koma ichi ayi, tidzadzinamiza. Munthu amati ndakhululuka, koma tsiku lililonse akuwerengera chiwongoladzanja mumtima.

Mkulu wa Mpingo, Kawale:
Mlongo, kuopa kwanuko n'koyenera, sindikukutsutsa. Mtima umanyenga ndithu. Ndiponso amayiwa akadzaona kuti mnzawoyo wagweratu, alibe kalikonse, n'kusankha kufafaniza ngongoleyo, adzakhala atachita chinthu chokongola chofanana ndi cha mfumu ija. Ine ndingawalimbikitse. Koma onani kuti mfumu inafafaniza kapoloyo atabwera, atagwada, atavomera kuti ngongole ilipo. Ndipo inali mphatso yochokera kwa mwini ndalama. Wokongola sangadzipatse yekha mphatso imeneyo pozimitsa foni, ndipo ife oonerera sitingaipereke ndi ndalama za amayiwa.

Agogo Aphunzitsi, Likuni:
Ine ndine Mkatolika, ndiye ndilankhule monga tinaphunzirira kwathu. Munthu akapita kukalapa kwa ansembe kuti anatenga cha mnzake, amakhululukidwa ndithu, koma udindo wobweza sumuchoka. Chikhululukiro cha Mulungu sichisandutsa chinthu cha mnzako kukhala chako. Ndipo si chiphunzitso cha Akatolika okha. Pa Levitiko 6:1-7, munthu amene wanyenga mnzake pa chinthu chimene anam'sungitsa ankayenera kubweza chonse, n'kuwonjezapo gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo nsembe yake yopalamula inkayendera limodzi ndi kubwezako. Zakeyu pa Luka 19:8 sanadikire kuuzidwa. Atangolandira Ambuye m'nyumba mwake ananena yekha kuti amene anawalanda adzawabwezera kanayi, ndipo m'pamene Yesu anati chipulumutso chafika panyumba imeneyi.

Ife achikulire tinaona zimenezi ngakhale pa dziko. Titachoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, pambuyo pa referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, m'matchalitchi munalalikidwa kwambiri za kukhululukirana, ndipo zinali zofunika kuti dziko lisagawike. Koma malamulo atsopano a dziko anakhazikitsanso bwalo loona za chipukuta misozi kwa amene anatsekeredwa popanda mlandu kapena kulandidwa katundu. Anthu anazindikira kuti kungouza munthu wovulala kuti aiwale sikuchiritsa.

Chimene ndikuda nacho nkhawa ine ndi moyo wa mayi wokongolayo. Akuyimba kutsogolo ali ndi chinthu chimene chikum'dya. Kum'siya choncho si chikondi. Amene akum'konda apite akam'thandize kutuluka m'menemo.

Wa Kaunjika ku Tsoka:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndine mmodzi wa anthu amene ali ndi ngongole pakali pano, ndiye ndiloleni ndilankhuleko za mbali inayo. Sindikuikira kumbuyo mayiyo.

Amene simugulitsa kaunjika mwina simudziwa mmene zinthu zilili. Chichokereni pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa belo wakhala ukungokwera, mpaka mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika tinayenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula. Komanso belo umagula lomanga, sudziwa zili m'kati. Ukhoza kutsegula n'kupeza zabwino zochepa pamwamba, zotsalazo zong'ambika kapena majuzi okhaokha nthawi yotentha. Ndalama ya eni yathera pomwepo. Tsono chiwongoladzanja cha banki m'khonde chimawerengedwa mwezi ndi mwezi. Ukalephera mwezi woyamba umati ndidikire ndipeze yonse ndikapereke kamodzi. Mwezi wachiwiri yakula. Wachitatu ukaona dzina la mwini ndalama pafoni, m'mimba mumatentha, sudziwa choti unene. Manyazi amakula kuposa ngongoleyo. Kuthawa kuja nthawi zambiri si kudelera, ndi mantha.

Amene anandikongoza ine ndi bambo wina wa mumpingo mwathu. Anabwera pabenchi panga, sanakweze mawu, anangoti tiye tikhale pansi tione kuti ungakwanitse zingati pa sabata. Pano ndimatumiza pa Airtel Money Loweruka lililonse kangachepe kamene ndapeza. Iye anachotsa chiwongoladzanja, ine ndikubweza mutu wa ndalamayo. Tsiku limene anabweralo ndi limene ndinayambiranso kupemphera bwinobwino. Amayi a ku Chinsapo, n'kutheka kuti mnzanuyo akudikira munthu woti am'tsegulire khomo lotere.

Wakabaza wa ku Mchesi:
Achimwene a ku Tsoka, ulemu wanu, mwalankhula ngati mwamuna. Koma inu munapezeka pabenchi. Amene akutulukira khomo lina la tchalitchi tim'peza bwanji? Ndipo alipo ena amene si manyazi ayi, ndi khalidwe. Amadziwa kuti Mkhristu sangawatengere kutali, ndiye amakongola dala kwa opemphera anzawo.

Wa Kaunjika ku Tsoka:
Alipo otere, sindikana. Koma simungadziwe kuti uyu ndi wotani musanakhale naye pansi.

Mlembi wa Banki M'khonde, Area 23:
Ine ndimasunga mabuku a gulu lathu, ndipo nkhani iyi ya kutengera mnzako ngongole ndi imene yapasula magulu ambiri kuno. Gulu limadziwa dzina limene lili m'buku basi. Silingayembekeze munthu amene silimudziwa, chifukwa ndalamazo ndi za amayi ena amene akudikira kugula feteleza kapena kulipira fizi mu Januwale. Ndiye musadane nalo gulu lanu amayi, linalibe kuchitira mwina. Buku la Miyambo limachenjeza za kuperekera mnzako chikole, pa 6:1-5 komanso pa 22:26-27, pomwe likufunsa kuti akuchotsereni bwanji kama amene mukugonapo. Sindikunena izi kuti ndikudzudzuleni. Munachita chifukwa cha chikondi. Ndikunenera ena pagulu pano amene mwina mawa lomweli mnzawo adzawapempha chimodzimodzi. Ngati mukufuna kuthandiza munthu, m'patseni ndalama yanu imene ikapita mudzalira koma simudzagulitsa katundu. Ndipo kulemba pepala pakati pa Akhristu si kusakhulupirirana. Kumateteza ubale.

Mayi wa ku Chinsapo:
Zikomo nonse, ndawerenga chilichonse, mwina kawiri. Pali zina zimene sindinanene. Bambo a kunyumba ndi okwiya kwambiri. Akufuna apite ndi achimwene awo akanyamule katundu wa m'nyumba mwa mayiyo, apo ayi akam'mangitse. Ndakhala ndikuwaletsa, ndipo nkhaniyi yalowa m'banja mwathu, tikayamba kucheza timathera pomwepo. China n'chakuti ndamva kuti amuna ake a mayiyo sakudziwa kalikonse za ngongoleyi. Ndikapita ndi anthu kwawo, banja lake likhoza kugwedezeka, ndipo sindikufuna kuti zimenezo zikhale pamutu panga.

Agogo Aphunzitsi, Likuni:
Mwana wanga, mawu ako omalizawo andikhudza. Munthu amene akuderabe nkhawa banja la womulakwira sali kutali ndi kukhululuka monga akudziganizira.

Amuna ako uwauze mwaulemu kuti kukanyamula katundu mwa mphamvu kudzawaika iwowo pa mlandu. Ngongole ya anthu awiri ili ndi njira zake: amfumu a m'dera, akulu ampingo, ndipo zikakanika bwalo la majisitireti. Ngakhale m'Chipangano Chakale, pa Deuteronomo 24:10-13, wokongoza sankaloledwa kulowa m'nyumba ya mnzake kukatenga chikole, ankaima panja. Ndipo chikole chikakhala chofunda cha munthu wosauka, ankachibweza dzuwa likamalowa kuti mnzakeyo agone. Mulungu amateteza ulemu wa wokongola popanda kunena kuti ngongole kulibe. Koma usawaone amuna ako ngati osapemphera chifukwa akwiya. Nawonso ataya. Khalani pansi awiri, mupemphere limodzi za nkhaniyi, ndipo chilichonse chimene ungasankhe, kaya kuchotsa chiwongoladzanja kaya kufafaniza, usasankhe wekha.

Wakabaza wa ku Mchesi:
Nanga 1 Akorinto 6 siletsa kutengerana kukhoti? Ndikufunsa chifukwa vesi imeneyi ndi imene anthu okongola amabisalamo.

Mkulu wa Mpingo, Kawale:
Achimwene, Paulo pamenepo akuchititsa manyazi mpingo. Akufunsa kuti kodi palibe ngakhale mmodzi wanzeru pakati panu woti aweruze pakati pa abale? Ndiye ngati tikuletsa amayiwa kupita kubwalo, ife akulu ampingo tiyenera kugwira ntchitoyo, osati kungoti pempherani zitha. N'zoona kuti pa vesi 7 akuti kuli bwino kulola kulakwiridwa kusiyana ndi kukokerana pamaso pa osakhulupirira. Koma vesi 8 akutembenukira kwa enawo, kuti inuyo ndi amene mukulakwira ndi kunyenga abale anu omwe. Palibe mbali imene waisiya.

Za amuna ake a mayiyo, n'chifukwa chake Ambuye anati poyamba mukhale awiri. Sitepe yoyambayo imasunga ulemu wa munthu. Amayi, musayambe ndi kwawo. M'tumizireni uthenga waufupi, wopanda vesi, wopanda chiopsezo, woti mukufuna muonane awiri pamalo amene iye angasankhe. Mukakumana muuzeni kuti kuuza amuna ake ndi udindo wake, ndipo ndi bwino amve kwa iye kusiyana n'kumva kwa anthu. Mum'patse nthawi yodziwika. Simungasunge chinsinsi chimenechi mpaka kalekale ndi ndalama za ana anu.

Mayi Busa wa ku Biwi:
Pa Mgonero palibe amene wayankha mwachindunji, ndiye ndiyankhe ine. Amayi, pitani. Mateyu 5:23-24, paja akuti usiye mphatso yako paguwa uyambe wakayanjana ndi mbale wako, akunena za munthu amene wakumbukira kuti mbale wake ali naye chifukwa. M'nkhani iyi vesi imeneyo ikuloza kwa mnzanuyo kuposa inu. Kwa inu kuli 1 Akorinto 11:28, kuti munthu adziyese yekha, kenako adye. Dzifunseni: kodi ndikum'funira choipa? Kodi atabwera lero n'kugwada, ndingam'kankhe? Ngati yankho ndi ayi, ululu umene mukumvawo si chifukwa chokhalira kunja. Gome lija Ambuye anakonzera anthu ovulala ndi ochimwa. Aroma 12:18 akuti ngati n'kutheka, monga momwe mungathere inuyo, khalani pa mtendere ndi anthu onse. Mbali yanu ndi imene mungayankhire. Uthenga umene abambo a ku Kawale anenawo mutumize Lamulungu lisanafike, ndipo ngati mtima ukukayikabe, kaonaneni ndi mkulu wa mpingo wa dera lanu.

Ndiwonjezepo china chimene chimandisowetsa tulo. Mawu awa akuti ingokhululuka timawauzanso amayi amene akumenyedwa m'nyumba, n'kuwabweza kwa munthu amene sanasinthe. Kukhululuka ndi chinthu china, kukhulupiriranso munthu ndi china. Yosefe analira ataona abale ake, mtima wake unali utafewa kale, komabe kuyambira Genesis 42 mpaka 44 anawayesa kaye kuti aone ngati angam'gulitsenso Benjamini monga anam'gulitsira iye. Anadziulula Yuda atadzipereka kukhala kapolo m'malo mwa mng'ono wakeyo. Paulo anakana kutenga Yohane Marko pa ulendo wachiwiri chifukwa anawasiya panjira, mpaka anasiyana ndi Barnaba pa Machitidwe 15, koma patapita zaka, pa 2 Timoteo 4:11, akupempha kuti abwere naye Marko poti ndi wothandiza pa utumiki. Chikhulupiriro chinabwerera, koma chinatenga nthawi. Ndiye amayi, mukhoza kum'khululukira mnzanuyo, kum'patsa moni, kudya naye Mgonero, koma osam'tengeranso ngongole. Ndipo mayi aliyense pagulu pano amene akumenyedwa, akhoza kukhululuka ali pamalo otetezeka, atauza ankhoswe ndi apolisi omwe.

Mtsikana wa Kwaya, Area 49:
Amayi busa, ndawerenga Luka 9 ija. Ndamva. Koma ndifunse, ngati munthu sakulapa n'komwe, Luka 17:3 akuti akalapa um'khululukire. Ndiye wosalapa timatani naye?

Mayi Busa wa ku Biwi:
Funso labwino mwana wanga, ndipo Akhristu okhwima amasiyana poliyankha. Ine ndimaona chonchi. Pa Marko 11:25 Ambuye akuti ukaimirira kupemphera ukhululuke ngati uli ndi kanthu ndi munthu wina, ndipo sakutchula kuti winayo ayambe wabwera. Kumeneko ndi kwa pakati pa iwe ndi Mulungu: ukutula mlanduwo m'manja mwake, ukusiya kubwezera. Pamtanda Ambuye anapempherera anthu amene sanali kulapa. Koma kuyanjana kwenikweni, koti mukhalenso ngati kale, kumafuna anthu awiri, ndipo ndi kumene Luka 17 akunena. Vesi yomweyo ikuyamba ndi kuti um'dzudzule. Khomo ulisiye lotsegula, koma sungam'kokere munthu m'nyumba.

Mlongo wa ku Area 25:
Ine ndikadali pa mawu anga kuti ndikanakhala ineyo ndikanazisiya, chifukwa ndikudzidziwa, ndikayamba kulondola ngongole mtima wanga umawawa kwambiri. Koma ndavomera kuti sindingawasenzetse amayiwa chimenecho ngati lamulo. Ndili ndi ganizo lina. Paulo polembera Filemoni za Onesimo sanangoti m'khululukire. Pa vesi 18 ndi 19 anati ngati ali nawe ngongole uiike pa ine, ndidzabweza. Ife amene tikulalikira kukhululuka pano, tingaikepo chiyani? Ine ndili ndi kabokosi koziziritsira zinthu kamene sindikugwiritsa ntchito. Amayi akapeza woti awaumitsire mafilizesi usiku, akhoza kumagulitsiramo. Ndiponso tikasonkha pang'onopang'ono filiji yogwiritsidwapo kale ntchito ikhoza kupezeka.

Wakabaza wa ku Mchesi:
Apa ndiye mwalankhula achemwali. Kabokosiko ndikanyamula ine kuchokera ku 25 mpaka ku Chinsapo, osalipira.

Woyang'anira Gulu:
Zikomo chifukwa cha mtima umenewu. Chonde manambala a Mpamba kapena Airtel Money asaikidwe pagulu pano, tinagwirizana kale chifukwa cha anthu achinyengo. Amene akufuna kuthandiza andilembere kumbali, ndipo tidzadzera kwa mtumiki wa mumpingo mwa amayiwa kuti zonse zikhale poyera. Komanso amene mwayamba kundifunsa kumbali kuti mayi wokongolayo ndani, sindikudziwa ndipo sindifufuza. Nkhaniyi isatuluke pagulu pano ngati miseche.

Mlembi wa Banki M'khonde, Area 23:
Amayi, mnzanuyo akavomera kukumana, mutenge kope. Mulembe ndalama imene munam'patsa, imene inu munalipira ku gulu, ndi imene mwagwirizana kuti abweze. Muyambe ndi kum'funsa kuti angakwanitse zingati pa sabata, chifukwa mukam'tchulira inu adzavomera mwamanyazi n'kuthawanso. Ngakhale K5,000 pa sabata ndi chiyambi. Nonse musayine, aliyense akhale ndi pepala lake. Ine Loweruka ndikapempha gulu lathu kuti tiike m'malamulo zoletsa kutengera munthu wakunja ngongole.

Abambo a ku Kawale, ngati atakana kuonana awiri, mboni zija amayiwa atenge ndani? Chifukwa akatenga anzawo okhaokha mayiyo adzaona ngati am'konzera bwalo.

Mkulu wa Mpingo, Kawale:
Atenge munthu mmodzi amene mayi winayo amamulemekeza ndipo angamasuke naye, monga mtsogoleri wa amayi kapena mayi wachikulire wa mumlaga mwake, ndi mkulu wa mpingo mmodzi wodziwa kusunga pakamwa. Asakhale wachibale wa mbali iliyonse, asakhalenso wa m'banki m'khonde ija. Amuna awo a amayiwa asapite nawo ulendo umenewo, mkwiyo ukadali pamwamba. Ndipo akumane masana kutchalitchi tsiku la m'kati mwa sabata, osati Lamulungu anthu akutuluka m'mapemphero.